JOHN GRIERSON, MUNTHU AMENE ANAONETSA ASODZI PA KANEMA

Akuru ambiri pakati pa inu akumbukira masiku aja pamene galimoto ya Boma inkafika pa bwalo la mudzi dzuwa litapendeka, anyamata nazika mitengo iwiri, napacika cinsalu coyera, ndipo kutada anthu onse, nkhalamba ndi ana omwe, ankakhala pansi kupenya zithunzi zoyenda. Zina zinali zoseketsa, koma zambiri zinali zophunzitsa: kalimidwe ka thonje, kukumba cimbudzi, kusunga ndalama ku positi. Masiku ano zithunzi zotere zalowa m'nyumba zathu, pakuti mwana ali yense wogwira foni ya m'manja akhoza kuzipenya, ngakhale kuzijambula yekha. Cifukwa cace tayesa kuti nkwabwino mwezi uno kukufotokozerani mbiri ya munthu wina wa ku Scotland, dzina lace John Grierson, amene ambiri amuyesa kholo la kanema wa zinthu zocitikadi m'maiko a Britain ndi Canada. Mbiri yace iri ndi zokoma, iri ndi zobvuta zomwe, ndipo ife tidzanena zonse ziwiri, pakuti wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe.

Ubwana wace

John Grierson anabadwa pa 26 Epulo 1898 m'mudzi wa Deanston ku Scotland, dziko lomwelo kumene kunacokera David Livingstone. Atate wace anali mphunzitsi wamkuru wa sukulu. Amace naonso anali mphunzitsi, ndiponso anali mmodzi wa amai aja amene analimbika kuti akazi aloledwe kusankha atsogoleri a dziko monga amuna. M'caka ca 1900 banja lonse linasamukira ku Cambusbarron, pafupi ndi mzinda wa Stirling. Anthu ambiri a kumeneko anali a nchito za manja, ndipo nchito ikasowa njala inkalowa m'nyumba. Pamenepo amace a John ankaphika cakudya cambiri nagawira osowa. Potero mnyamatayo anakula akudziwa kuti kuphunzitsa anthu ndi nchito yolemekezeka, ndi kuti umphawi suli nthano ya m'buku iai.

Mu 1916, nkhondo yaikuru yoyamba iri mkati, iye asanakwanitse zaka 18, anadzionjezera zaka nalowa nchito pa zombo zocotsa mabomba amene adani ankachera m'nyanja. Nchito yace inali kutumiza ndi kulandira mau pa wailesi. Zombo zambiri za nchito imeneyi zinali za asodzi, ndi anthu oziyendetsa analinso asodzi. Cotero anakhala nao, nadya nao, naona m'mene iwo apirira mphepo ndi mafunde osadzitama konse. Nkhondo itatha anapita ku sukulu yaikuru ya Glasgow, naphunzira mabuku a Cingelezi ndi nzeru za makhalidwe a anthu, natsiriza mu 1923.

Funso limene anapita nalo ku America

Mu 1924 analandira thandizo la ndalama za Rockefeller kuti akaphunzire ku Chicago. Funso lace linali ili: kodi maganizo a khamu la anthu aumbika bwanji? Masiku amenewo wolemba wina wochuka, Walter Lippmann, anali atanena kuti dziko la makono lakula ndi kupiringizika kotero kuti munthu wamba sakhoza kudziwa zonse zomuyenereza kusankha bwino atsogoleri ace. Mlimi adziwa munda wace, koma sadziwa cimene catsitsa mtengo wa mbeu zace; wa m'mzinda adya nsomba, koma sanaone nkhope ya amene anaigwira. Grierson anabvomera kuti bvutolo liripo, koma anakana kutaya mtima. Anaona kuti alendo obwera ku America, osadziwa bwino Cingelezi, ankakonda manyuzi a mitu yaikuru ndi nkhani zogwira mtima, nadzaza nyumba za kanema madzulo onse. Ndipo anaganiza kuti munthu amene sakhoza kuwerenga mabuku khumi a za malonda a nsomba akhoza kupenya msodzi alikukoka ukonde, nazindikira kuti cakudya cace cacokera m'manja mwa munthu mnzace.

Panali munthu wina wa ku America, Robert Flaherty, amene mu 1922 anaturutsa kanema wa moyo wa anthu a kumpoto kozizira kwa Canada, wochedwa Nanook of the North, ndi pambuyo pace wina wa anthu a pa zisumbu za Samoa, wochedwa Moana. Pa 8 Febuluwale 1926 Grierson analemba za Moana m'nyuzi ya New York Sun, ndipo m'menemo anagwiritsa nchito liu lakuti documentary, ndilo limene kufikira lero lichula kanema wa anthu enieni ndi zinthu zocitikadi, wosiyana ndi sewero lopeka. Anamlemekeza Flaherty, koma anasiyana naye pa cinthu cimodzi. Flaherty ankapita kutali kukafuna mitundu yacilendo, pamene Grierson ankati nkhani yoyenera kujambula iri pakhomo pomwe, m'mgodi, m'fakitale ndi pa doko.

Kanema wa asodzi

Mu 1927 anabwerera ku London napeza nchito ku Empire Marketing Board, bungwe la Boma limene linakhazikitsidwa mu 1926 kuti likope Angelezi kugula zinthu zocokera m'maiko a ufumu wao. Pakati pa zithunzi zimene bungwelo linkamata m'miseu panali zina zotamanda fodya wa ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Mlembi wamkuru wa bungwelo, Stephen Tallents, anakonda nzeru za Grierson, koma thumba linali m'manja mwa akuru osunga cuma ca Boma, anthu osakhulupirira kanema. Tsono kunapezeka kuti mmodzi wa akuruwo, Arthur Samuel, anali atalemba buku la mbiri ya nsomba yochedwa herring. Pamenepo anapempha kuti kanemayo akhale wa nsomba yomweyo, ndipo ndalama zinaturuka.

Nsomba imeneyi iyenda m'magulu akuru monga acitira usipa, ngakhale iyo ndi yaikurupo. Asodzi ankapita pakati pa nyanja ndi zombo zoyendera moto wa malasha, naponya maukonde olumikizana otalika ngati mailosi awiri, nawaleka alendewere m'madzi usiku wonse, combo cikungotengeka ndi madzi. Ndico cifukwa cace zombozo zinkachedwa Drifters, ndiko kunena zotengeka, ndipo kanemayo analandira dzina lomwelo. Mbanda kuca ankakoka maukondewo kwa maola ambiri, mafunde alikuwamenya, nathamangira kudoko kuti nsomba zifike pamsika zisanaonongeke. Kumeneko akazi ankazitumbula nazithira mcere m'migolo yomka ku maiko ena.

Kanemayo anali wopanda mau, ndipo munalibe mfumu kapena wocita sewero wochuka, koma asodzi okha ndi nyanja. Anaonetsedwa koyamba ku London pa 10 Novembala 1929, tsiku limodzi ndi kanema wa ku Russia wochedwa Battleship Potemkin, wa Sergei Eisenstein; ndipo kwa Eisenstein yemweyo ndi kumene Grierson anaphunzira kudula ndi kulumikiza zithunzi kuti zigunde motsatana ngati ng'oma. Openya anazizwa ndithu. Kufikira pamenepo munthu wa nchito ya manja ankaoneka kawirikawiri m'makanema a ku Britain monga cidzete coseketsa mabwana, koma apa anaoneka monga mwini nkhani.

Mutu umodzi susenza denga

Atachuka cotero, Grierson sanafune kupitiriza kujambula yekha. Anasonkhanitsa acinyamata nawaphunzitsa, ena mwa iwo ndiwo Basil Wright, Arthur Elton, Edgar Anstey, Stuart Legg, Paul Rotha ndi Harry Watt, pamodzi ndi mlongo wace Marion, ndi pambuyo pace mlongo wina, Ruby. Malipiro ao anali ocepa, ndi mphunzitsi wao anali wa mau akuthwa, koma iye ndiye ankawafunira ndalama, nawacinjiriza pamaso pa akuru a Boma, napenya nchito ya yense. Mu 1930 anakwatira Margaret Taylor, amene anamthandiza kulumikiza zithunzi za Drifters. Popeza analeredwa m'banja la mpingo wa Presbyterian, sitizizwa kumva kuti ankafanizira kanema ndi gome la mlaliki, nanena poyera kuti iye alikulalikirapo.

Mu 1933 bungwe lija linatsekedwa, ndipo Tallents anasamukira ku positi yaikuru ya Britain, natenga gulu lonse la ojambula. Kumeneko kunaturuka makanema amene akali kuphunziridwa m'sukulu. Mu 1934 Basil Wright anatsiriza The Song of Ceylon, wa cisumbu cimene lero cichedwa Sri Lanka, ndipo analandira mphotho yoyamba ku Brussels mu 1935. Caka comweco kunaturuka Coal Face, wa anthu a m'migodi ya malasha. Koma wokondedwa koposa onse ndiye Night Mail, wa mu 1936, wa Harry Watt ndi Basil Wright. Aonetsa sitima ya makalata imene inkanyamuka ku London madzulo kumka ku Scotland, yosanyamula anthu aulendo, koma anchito a positi okha, osankha makalata usiku wonse sitima iri kuthamanga. Pa malo ambiri sitimayo sinkaima konse: matumba a makalata ankapacikidwa m'mbali mwa njanji, ndipo ukonde wa pa sitima unkawakwatula, ena nagwetsedwa m'ukonde wa pansi. Ndakatulo ya kumapeto analemba W. H. Auden, nyimbo anapeka Benjamin Britten, onse awiri akali anyamata, ndi liu lina lomveka potsiriza ndi la Grierson mwini.

Eni nyumba za kanema zamalonda sanakonde kwambiri makanema otere, poyesa kuti sabweretsa ndalama. Grierson anawayankha ndi nchito. Anati mipando ya m'sukulu ndi m'nyumba za misonkhano iposa ya m'nyumba za kanema, nayamba kubwereketsa makanema kwa aphunzitsi ndi mabungwe a anchito, natumiza ena ndi magalimoto kumka kutali ndi mizinda.

Mlongo amene anamdzudzula

Tisapitirire osanena za Ruby. Mu 1935 Arthur Elton ndi Edgar Anstey anajambula Housing Problems, wa nyumba zogumuka za amphawi a ku Stepney, kum'mawa kwa London. Ruby, amene kale anali mphunzitsi, ankalowa m'nyumbazo naceza ndi amai ndi abambo kufikira anamzolowera. Ndipo m'malo mwa bwana wophunzira wowanenera, eni nyumba okha anaima patsogolo pa kamera nafotokoza m'kalankhulidwe kao za nsikidzi, za makoma opendekeka, za kusowa madzi. Mai wina anasimba m'mene analimbanirana ndi khoswe m'cipinda cace cogona. Cinthu cotere cinali cosowa ndithu masiku amenewo. Grierson mwini anaulula pambuyo pace kuti mlongo waceyo anamdzudzula, nati iye apenya anthu monga munthu apenya nsomba m'mtsuko wa galasi, ndi kuti mtsukowo uyenera kuphwanyidwa kuti anthu alankhule okha.

Ruby sanakhale nthawi yaitali. Mu Sepitembala 1940 anakwera combo cochedwa City of Benares, cocokera ku Liverpool kumka ku Canada, kuti ajambule ana 90 amene Boma linalikuwathawitsa mabomba a nkhondo. Usiku wa pa 17 Sepitembala sitima ya pansi pa madzi ya Ajeremani inaombera comboco, ndipo cinamira. Mwa ana aja 77 anafa, ndi Ruby anafa nao, ali ndi zaka 36.

Ku Canada: ulemu ndi manong'onong'o

Grierson anasiya nchito ya ku positi mu 1937, ndipo mu 1938 Boma la Canada linamuitana kuti alilangize za kanema. Pa uphungu wace linakhazikitsa lamulo mu 1939 lotsegula bungwe la National Film Board, ndipo mu Okotobala caka comweco, nkhondo yaciwiri itangoyamba, anaikidwa mkuru wace woyamba. Anayamba ndi anthu owerengeka, koma pofika 1945 anchito anali ngati 800. Mwezi ndi mwezi ankaturutsa kanema watsopano m'mndandanda wochedwa Canada Carries On, ndipo mmodzi wa amenewa, Churchill's Island, wa Stuart Legg, analandira mphotho ya Oscar mu 1942, yoyamba kuperekedwa kwa kanema wa mtundu umenewu. Sitibisa kuti makanema a nkhondowa anali okopa mitima ya anthu kuti atsate Boma, ndipo Grierson naye sanabise.

Cimene cifanana ndi zimene akuru athu anaona ndi ici: kuyambira 1942 bungwelo linatumiza anthu ndi makina oonetsera kanema kumka m'midzi ya alimi, mudzi uli wonse kamodzi pa mwezi. Usana ankaonetsa ana a sukulu, madzulo akuru, ndipo kanema atatha anthu ankatsala nakambirana zimene aona.

Mu 1945 anatula pansi udindo, ndipo posacedwa anagwa m'bvuto. Mu Sepitembala mlembi wina wa ku nyumba ya kazembe wa Soviet Union ku Ottawa, dzina lace Igor Gouzenko, anathawa ndi mapepala oulula akazitape. M'mapepalamo munachulidwa mkazi wina amene anakhalapo mlembi wa Grierson, ndi dzina la Grierson lomwe. Anamuitana nam'funsa mu 1946, ndipo sanamzenge mlandu uli wonse; koma mbiri yoipa iyenda msanga koposa ciweruzo, ndipo mu 1947 dziko la America linamletsa kukhala kumeneko, nchito imene anayamba ku New York niifa. Anapita ku Paris kukagwira nchito ku UNESCO, ndipo mu 1948 anabwerera ku London kukayang'anira makanema a Boma la Britain kufikira 1950.

M'mene nzeru imeneyi inafikira kwathu

Kanema wophunzitsa anafika kuno ndi manja a anthu ena. Kuyambira 1935 kufikira 1937 Azungu awiri, Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, amene kale anali mkuru wa maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia, anayesa nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Anajambula makanema 35 ku Vugiri m'dziko la Tanganyika, nayenda nao pa lole kufikira ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Mu 1939 Boma la Britain linatsegula Colonial Film Unit, motsogozedwa ndi William Sellers, ndipo mu 1948 kunayamba Central African Film Unit ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, yotumikira Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia kufikira 1963.

Makanema amenewa anathandiza pa zina, koma ambiri anapangidwa ndi maganizo akuti munthu wa kumudzi ndi wocedwa kumva. Kawirikawiri nkhani yace inali ya anthu awiri, wanzeru womvera mlangizi wa Boma nalemera, ndi wopusa wotsata za makolo nasauka. Anthu akuda ankacita sewero, ankamasulira, ankanyamula katundu. Koma wosankha nkhani ndi wogwira kamera anali Mzungu. Mu Januwale 1948, pa msonkhano wa ku London wokambirana za kanema m'maiko a ufumu, Grierson ananena kuti nchitoyi sidzapindula ikamangocokera kunja, koma anthu a m'maikowo aphunzitsidwe kupanga makanema ao, a za iwo eni. Caka comweco sukulu ya ojambula inatsegulidwa ku Accra, yophunzitsa anyamata a ku Gold Coast ndi ku Nigeria. Mu 1953 iye anayang'anira kanema wochedwa Man of Africa, wojambulidwa ndi Cyril Frankel ku Uganda, wosimba za anthu a mtundu wa Bakiga osamukira ku malo atsopano cifukwa ca kucepa kwa minda. Ocita sewero anali anthu a komweko, koma kanemayo sanaonedwe ndi ambiri.

Zaka zace zotsiriza

Kuyambira 1957, kwa zaka ngati khumi, Grierson ankaoneka pa wailesi ya kanema ya ku Scotland m'pologalamu yochedwa This Wonderful World, alikuonetsa zidutswa za makanema abwino a maiko onse ndi kuwafotokoza. Anathandizanso kukonza nkhani ya Seawards the Great Ships, wa amisiri okhoma zombo pa mtsinje wa Clyde, amene analandira Oscar mu 1962. Atakalamba anaphunzitsa pa sukulu yaikuru ya McGill ku Montreal. Anamwalira pa 19 Febuluwale 1972 mu mzinda wa Bath ku England, ali ndi zaka 73. Caka comweco kunakhazikitsidwa mphotho ya dzina lace, yopatsidwa kwa opanga makanema a zocitikadi ku Britain.

Tiyese nchito yace pa muyeso

Tsono tifike pa cimene citikhudza ife tonse. Kodi kanema wa zocitikadi anena zoona zokhazokha? Grierson mwini ankati nchito yace ndiyo kutenga zocitikadi ndi kuziumba mwaluso, ndipo woumba asankha dothi. Mu Night Mail, cipinda cosankhira makalata sicinali pa sitima iai: cinamangidwa m'nyumba yojambulira ku Blackheath, ndipo anchito enieni a positi anauzidwa kuti azigwedezeka ngati ali paulendo. Mu Drifters, cipinda codyera asodzi cinamangidwa pamtunda, ndi nsomba zooneka pansi pa madzi zinajambulidwa m'mathanki ku Plymouth. Anacita ici cifukwa makamera a masiku amenewo anali olemera ndi ofuna kuwala kwambiri, ndipo sitikuti ananama, pakuti nchito imene anaonetsa inali yoonadi. Koma tiphunzirapo kuti cithunzi ciri conse cakonzedwa ndi munthu, amene anasankha poimika kamera ndi cimene adzacisiya kunja.

Caciwiri ndi ca ndalama. Makanema ace ambiri analipiridwa ndi Boma kapena ndi makampani. The Song of Ceylon analipiridwa ndi eni malonda a tiyi, ndipo ngakhale ndi wokongola, sanena za malipiro a anthu ochola tiyiyo. Housing Problems analipiridwa ndi makampani ogulitsa gasi, ndipo atsiriza ndi kuonetsa nyumba zatsopano. Grierson ankati nkwabwino kunena zimene mwini thumba alola koposa kukhala cete. Otsutsana naye anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndi kuti makanema ace analemekeza manja a wanchito osafunsa za mphika wace. Ife tiyesa kuti onse awiri ali ndi mau, ndipo munthu wanzeru adzasunga mbali zonse ziwiri.

Cacitatu ndi ca liu. M'makanema ambiri a gulu lace asodzi ndi a m'migodi aoneka, koma wolankhula ndi wina. Dzudzulo la Ruby linabala zipatso mocedwa, ndipo linabala m'munda umene mlongo wace analima. Mu 1967 bungwe lija la ku Canada linatumiza Colin Low ku cisumbu ca Fogo, kufupi ndi Newfoundland, kumene usodzi unali utalowa pansi, ndipo Boma linalikuganiza zosamutsa anthu. Low anajambula makanema aafupi 27, m'mene asodzi ndi akazi ao analankhula okha za mabvuto ao. Makanemawo anayamba kuonetsedwa kwa eni ace, mudzi ndi mudzi, ndipo anthu amene sankakomana anazindikira kuti bvuto lao ndi limodzi. Pambuyo pace anaonetsedwa kwa akuru a Boma, ndi mayankho a akuruwo anajambulidwa nabwezedwa ku cisumbu. Anthu a ku Fogo anapanga bungwe lao la usodzi, ndipo sanasamuke. Asodzi a mu 1929 anaoneka osamveka. A mu 1967 anamveka, nasunga midzi yao.

Mau kwa makolo ndi ana

Cotero, atate ndi amai, pamene mwana abwera ndi foni nati, taonani zimene zacitika kwakuti, musafulumire kukhulupirira, musafulumirenso kukana. Khalani naye pansi, nimufunsane mafunso awa: anajambula ndani? analipira ndani, ndipo afuna kuti ife ticite ciani titapenya? alikulankhula ndani, ndipo amene angooneka osalankhula akadanena ciani? Ngati makanema a anthu aluso ndi a mtima wabwino monga Grierson ayenera kufunsidwa cotero, koposa kotani kacidutswa kopanda mwini kamene kayenda m'mafoni nikaipitsa dzina la munthu? Kumbukirani kuti iye mwini anataya nchito cifukwa ca dzina lolembedwa pa pepala, wopanda mlandu womtsutsa.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana, kamera imene iri m'thumba mwanu iposa kutali ija anajambulira Drifters. Nkhani iri pakhomo, monga ananena iye. Agogo anu oumba mbiya, atsibweni anu osoka ukonde kapena osema mpini, amai anu osankha mbeu ya caka camawa, onsewa ali ndi nzeru imene sinalembedwe m'buku, ndipo tsiku lina idzapita nao kumanda. Pemphani cilolezo coyamba, mwaulemu, akakana, lekani. Akalola, musawanenere, koma aleke afotokoze okha m'cilankhulo cao, ngakhale acedwe. Ndipo mukatha, iwo akhale oyamba kupenya, musanatumize kwa munthu wina ali yense.